Makandulo awiri pansi pa botolo limodzi

Kwa zaka zingapo zoyambirira za uphunzitsi wanga, pakhoma la kalasi imene ndinkaphunzitsiramo sayansi panali tchati chachikulu chimene ndinalemba ndekha ndi zolembera za mitundu itatu. Pamwamba pake ndinalembapo mawu akuti "Njira ya sayansi", ndipo m'munsi mwake munali magawo 6 olumikizidwa ndi mivi: funsa funso, pereka ganizo loti liyesedwe, konza zoyesera, yesa, lemba zotsatira, nena chimene wapeza. Ophunzira ankaloweza magawowo mwandondomeko yake, ankawatchula onse pamodzi ndikangoloza ndi rula, ndipo pa mayeso funso limenelo linali la malikisi aulere. Ine ndinkakhutira kuti mwa zipangizo zonse zophunzitsira zimene ndinali nazo, tchaticho ndicho chinkagwira ntchito kwambiri, mpaka tsiku limene mtsikana wina wa kumbuyo kwa kalasi anayatsa makandulo awiri pamene malangizo ankati ayatse imodzi.

Ntchito ya tsiku limenelo inali yodziwika kwa aliyense amene anaphunzitsako za mpweya. Mumathira madzi pang'ono m'mbale yosaya, mumaimika kandulo pakati, mumaiyatsa, kenako mumaivundikira ndi botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu. Pakapita masekondi owerengeka lawi limafooka n'kuzima, ndipo madzi amakwera m'botolomo pamaso pa aliyense. Kufotokozera kumene ndinalandira kwa aphunzitsi anga, ndiponso kumene ndinkapereka kwa ana chaka ndi chaka popanda kukayika, kunali kwakuti moto watha mpweya wa okosijeni, umene ndi magawo 21 pa magawo 100 alionse a mpweya wotizungulira, ndipo madzi akwera kuti alowe m'malo amene mpweyawo wasiya. Zinkamveka bwino, zinkaoneka ndi maso, ndipo nthawi zambiri madzi ankakweradi kufika pafupi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a botolo, moti panalibe chimene chikanandichititsa kufunsa.

Gulu la mtsikana uja linalandira kandulo yothyoka pakati. M'malo motaya chidutswa chimodzi, iwo anaimika zidutswa zonse ziwiri n'kuziyatsa, ndipo madzi awo anakwera kuposa a gulu lina lililonse. Mtsikanayo anakweza mkono n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ngati mpweya wa okosijeni umene uli m'botolo lathu ndi wofanana ndi wa m'mabotolo a anzathu, makandulo awiri akanangoutha msanga, koma madzi akanafika pamalo omwewo. Nanga bwanji athu apitirira?" Ndikuchita manyazi kulemba yankho langa, koma ndililemba. Ndinamuuza kuti gulu lake silinatsate malangizo, kuti abwereze ndi kandulo imodzi, ndipo alembe zimene zili m'buku. Ndinalankhula mawu amenewa nditaima pansi pa tchati chimene gawo lake loyamba linkati funsa funso.

Funsolo linandisowetsa mtendere, moti madzulo a tsiku lomwelo ndinayesa ndekha ndi kandulo imodzi, kenako awiri, kenako atatu, botolo lake limodzimodzi. Makandulo akachuluka, madzi ankakwera kwambiri, ndipo zinali choncho ulendo uliwonse. Nditayamba kuyang'anitsitsa m'malo mongodikira chimene ndinkachidziwa kale, ndinaona zinthu ziwiri zimene zinakhala zikuchitika pamaso panga zaka zonsezo. Choyamba, pa nthawi yovundikira, mpweya wina unkathawa m'botolo, ndipo nthawi zina unkatuluka ngati thovu pansi pa mlomo wa botolo. Chachiwiri, madzi sankakwera pang'onopang'ono lawi likuyaka, monga zikanakhalira ngati ankalowa m'malo a mpweya umene ukutha, koma ankakwera mwamphamvu lawi likamazima ndiponso litangozima. Chimene chimachitika kwenikweni n'chakuti lawi limatenthetsa mpweya, mpweyawo umafutukuka ndipo wina umatuluka, kenako lawi likazima wotsalawo umazizira n'kuchepa, ndiye mpweya wa kunja umakankhira madzi m'botolo. Makandulo awiri amatenthetsa kwambiri, choncho amathamangitsa mpweya wochuluka. Kuyaka kwenikwenikonso kuli ndi gawo lake, koma laling'ono, chifukwa kandulo ikamayaka imatulutsa mpweya wa carbon dioxide umene umatenga mbali yaikulu ya malo a okosijeni amene wagwiritsidwa ntchito, komanso nthunzi imene imasanduka timadontho pagalasi. Kuwonjezera apo, lawi la kandulo limazima mpweya wa okosijeni wambiri ukadalimo m'botolo. Nambala ija ya gawo limodzi mwa magawo asanu inkangobwera mwangozi, ndipo ine ndinkaiombera m'manja chifukwa inkagwirizana ndi buku.

M'mawa mwake ndinapepesa kwa mtsikanayo pamaso pa kalasi yonse, ndipo tinathera maphunziro awiri tikuyesa makandulo, mabotolo aakulu ndi aang'ono, kuvundikira mofulumira ndi kuvundikira pang'onopang'ono. Sindikunena kuti ana onse anamvetsa, ayi, ena anasokonezeka kuposa poyamba ndipo mnyamata wina anandifunsa mosapita m'mbali kuti pa mayeso alembe ziti. Komabe m'maphunziro awiri amenewo ndinamva ana akutsutsana pogwiritsa ntchito zimene aona, chinthu chimene tchati changa sichinachititsepo ngakhale kamodzi.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kuyang'ana ndi diso lina zipangizo zonse zimene timati zimaphunzitsa njira ya sayansi, makamaka mapepala a ntchito amene timagawira ana. Ambiri mwa mapepala amenewa amaulula yankho pa mutu pomwe. Pepala likangoyamba ndi mawu akuti "Kusonyeza kuti mbewu zimafuna madzi kuti zimere", ndiye kuti funso lafa kale mwana asanakhudze mbewu iliyonse. Chotsala ndi kutsatira malangizo mzere ndi mzere, kudzaza mipata, ndi kuonetsetsa kuti zotsatira zikufanana ndi mutu. Mwana wochenjera amazindikira msanga kuti zimene waona ndi maso zilibe mphotho ngati zikusemphana ndi zimene mphunzitsi akuyembekezera, choncho amafufuta nambala yeniyeni n'kulembapo yokoma. Ndinagwirapo ana ambiri akuchita zimenezi ndipo ndinkawadzudzula, osazindikira kuti ndine ndinawaphunzitsa. Mwana amene amakonza manambala kuti akondweretse wamkulu waphunzira chinthu chotsutsana ndi sayansi, ngakhale atakhala kuti wachiphunzirira mu labotale yokongola.

Ndinafufuzanso kumene magawo a pa tchati aja anachokera. Anthu ambiri amene alemba za nkhaniyi amaloza kwa John Dewey, katswiri wa maphunziro wa ku America, amene mu 1910 anafotokoza magawo asanu a mmene munthu amaganizira akakumana ndi vuto, kuyambira pa kumva kuti pali chovuta mpaka pa kuyesa yankho limene waliganizira. Iye ankafotokoza kaganizidwe, koma olemba mabuku a m'sukulu a pambuyo pake anasandutsa zimenezo kukhala mndandanda woloweza. Akatswiri enieni sagwira ntchito motsata mzere umodzi. Wa zakuthambo sangaike nyenyezi m'botolo kuti aiyese, wofufuza miyala amawerenga zimene zinachitika kalekale, ndipo Charles Darwin, katswiri wa zamoyo wa ku England, anatha zaka zoposa 20 akusonkhanitsa umboni asanasindikize ganizo lake mu 1859. Tchati sindinachiwotche, popeza mawu ake ndi othandiza polemba lipoti la zimene munthu wachita, koma ndinachichotsa pakhoma la kutsogolo, ndipo tsopano ndimachitulutsa kumapeto kwa kafukufuku kuti ana aone okha kuti anadumpha magawo ena, anabwerera m'mbuyo kawiri, ndipo funso lawo lenileni linabadwa atayesa kale.

Chipangizo chimene chinalowa m'malo mwa tchati ndi chingwe chomangirira kachitsulo kumapeto, chimene mabuku amachitcha pendulamu. Sindikudziwa chipangizo china chosavuta kupeza chimene chimaphunzitsa zambiri ngati chimenechi. Ndimachilendewetsa kutsogolo, ndimachikankha, kenako ndimafunsa kuti n'chiyani chingachititse kuti chizipita ndi kubwera mofulumira. Ana amatchula zinthu zitatu nthawi zonse: kulemera kwa kachitsulo, kutalika kwa chingwe, ndi mtunda umene wachikokera pambali usanachisiye. Ndisanalole aliyense kukhudza chingwe, aliyense amalemba m'kope mwake chimene akuganiza kuti chichitika ndi chifukwa chake, ndipo timawerenga manja. Pafupifupi kalasi yonse imavotera kulemera. Kulemberatu kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa munthu akaona zotsatira asanadzimange ndi mawu ake, amadziuza mumtima kuti ankadziwa kale, ndipo palibe chimene chimasintha m'mutu mwake.

Kenako amayesa, ndipo apa ndiye pamene phunziro lenileni limayambira, chifukwa gulu loyamba kumaliza nthawi zambiri limakhala litasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Pomangirira kachitsulo kachiwiri pansi pa koyamba atalikitsanso pendulamu yonse mosadziwa, ndiye amabwera akusangalala kuti kulemera kwasinthadi nthawi. Sindiwauza kuti alakwitsa. Ndimalemba nambala yawo pa bolodi pambali pa manambala a magulu ena, ndipo ndimafunsa kalasi chifukwa chimene gulu limodzi lasiyanirana ndi anzawo. Mfundo yakuti posintha chinthu chimodzi zina zonse zikhale momwe zinalili, imene ndinkailembetsa m'makope kwa zaka zambiri popanda phindu, imatuluka pakamwa pa mwana amene wapita kukayeza chingwe cha anzake ndi rula.

Pendulamu imaphunzitsanso kuti kuyeza kulikonse kumakhala ndi kolakwika kake. Chingwe cha mita imodzi chimatenga pafupifupi masekondi 2 kupita ndi kubwera, ndipo chala cha munthu pa wotchi chimachedwa kapena kufulumira ndi kachigawo ka sekondi, kotero kuti ana atatu oyeza ulendo umodzi womwewo amapeza manambala atatu osiyana. Ndimawasiya akangane kaye za amene ali ndi wotchi yabwino, mpaka wina ataganiza zowerenga maulendo 10 n'kugawa nthawiyo ndi 10, kuti kuchedwa kwa chala kugawikenso. Pambuyo pake tikajambula galafu ya manambala a magulu onse, amaona kuti chingwe cha masentimita 25 chimatenga pafupifupi sekondi imodzi, kutanthauza kuti pofuna kuwirikiza nthawi kawiri uyenera kutalikitsa chingwe kanayi. Palibe mwana amene amalosera zimenezi. Kwa amene amamaliza msanga ndimasungira nkhani ya Galileo, katswiri wa sayansi wa ku Italy, amene anafufuza pendulamu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 ndipo ankakhulupirira kuti mtunda wokokera pambali ulibe kanthu. Ukakokera pang'ono iye amalondola, koma ukakokera kutali kwambiri nthawi imatalikirako ndithu, ndipo ana a zaka 13 okhala ndi wotchi yabwino amatha kuona zimenezo. Nkhope ya mwana amene wapeza kuti Galileo sanalondole pa chilichonse ndi yosaiwalika.

Bolodi limene timalembapo manambala a magulu onse ndalitchula modutsa, koma ndikuliona kuti ndi chipangizo pachokha. Gulu likakhala ndi nambala yake yokha limaganiza kuti yankho ndi lomwelo. Likaona manambala 8 kapena 10 atandandalikidwa, ena atayandikana ndipo imodzi itapatuka, limayamba kufunsa mafunso amene akatswiri amafunsa: kodi kusiyana kumeneku n'kwenikweni kapena n'kwa kayezedwe, ndipo kodi nambala yopatukayo tiitaye kapena tiifufuze? M'kalasi ya ana ambiri, imene aphunzitsi timaidandaula pa zifukwa zomveka, muli mwayi umodzi uwu, kuti zoyesa zimabwerezedwa kambirimbiri m'phunziro limodzi.

Kope nalonso ndinalisintha. Lamulo langa ndi lakuti zolemba za kafukufuku zilembedwe ndi cholembera chosafufutika, tsiku lilembedwe pamwamba, ndipo nambala yolakwika idulidwe ndi mzere umodzi kuti iziwerengekabe, ndi chifukwa chake pambali. Makope amenewa ndi osaoneka bwino, ndipo mnzanga wina wa ntchito atawaona anandifunsa ngati ndasiya kuchonga. Ndimachonga, koma malikisi ndimapereka kwa amene walemba chimene anachita mokwanira moti wina angabwereze, osati kwa amene wapeza nambala ya m'buku.

Nkhani za m'mbiri ya sayansi ndi chipangizo china chimene ndinachipeputsa kwa nthawi yaitali, poganiza kuti n'zongosangalatsira ana pa mphindi zomaliza. Zimathandiza kwambiri ukazinena theka n'kuima. Ndimauza ana kuti kale anthu ophunzira ankakhulupirira kuti mphutsi zimabadwa zokha kuchokera mu nyama yowola, ndipo ndimawafunsa mmene angayesere zimenezo. Amafika msanga pa ganizo la mitsuko iwiri, wina wotsegula wina wotseka, limene ndi lomwe Francesco Redi wa ku Italy anachita n'kusindikiza mu 1668. Apo ndimasanduka wotsutsa, n'kunena kuti mumtsuko wotseka simunabadwe mphutsi chifukwa munalibe mpweya wabwino. Kalasi imakhala chete kwa kanthawi, kenako wina amanena kuti tiphimbe ndi kansalu kopyapyala kolola mpweya koma koletsa ntchentche, ndipo ndimawauza kuti Redi anachitanso chimodzimodzi. Mwana amene wadzipezera yekha mtsuko wachitatu wamvetsa chifukwa chake kafukufuku amafuna choyerekezera, ndipo wamvetsanso kuti munthu wokutsutsa amakuthandiza kukonza zoyesa zako.

Nkhani imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ya Jan Baptist van Helmont, katswiri wa sayansi wa ku Brussels, imene inasindikizidwa mu 1648 iye atamwalira kale. Anaumitsa dothi lolemera mapaundi 200, analiika mumphika waukulu, anabzalamo kamtengo kolemera mapaundi 5, anaphimba dothilo kuti fumbi lisaloweremo, ndipo kwa zaka zisanu ankangothirira madzi. Pomaliza mtengowo unalemera mapaundi 169 ndi kakusefukira pang'ono, pamene dothi, ataliumitsanso, linali litachepa ndi ma ounce awiri okha, kachigawo kakang'ono ka paundi imodzi. Iye ananena kuti mapaundi 164 owonjezekawo anachokera m'madzi basi. Ndimafunsa ana ngati akuvomereza, ndipo ambiri amavomereza, popeza munthuyo anayeza mosamala, anadikira moleza mtima, ndipo anatsimikiziradi kuti mtengo sudya dothi. Akanakhala wophunzira wanga pa nthawi ya tchati ija, ndikanamupatsa malikisi onse, chifukwa magawo 6 aja anawatsata bwinobwino. Komabe anaphonya chinthu chachikulu, chifukwa ngakhale mtengo wauwisi uli ndi madzi ambiri, mbali yaikulu ya thabwa louma imachokera ku carbon dioxide wa mumpweya, chinthu chimene sikelo yake sinkayeza ndipo iye sanachiganizire. Chodabwitsa n'chakuti van Helmont yemweyo ndiye anayambitsa liwu lakuti gas, lotanthauza mpweya. Palibe tchati chimene chingateteze munthu ku chinthu chimene sanachiganizire, ndipo ana ayenera kumva zimenezi kuchokera pa munthu waluso amene analakwitsa, osati pa munthu wopusa wongopeka.

Za zipangizo za pa kompyuta ndinene mwachidule. Zoyeserera za PhET, zimene Carl Wieman anayambitsa mu 2002 pa yunivesite ya Colorado Boulder atalandira mphoto ya Nobel chaka cha 2001, ndi zaulere ndipo n'zopangidwa mwaluso. Zimalola mwana kuchita zosatheka m'kalasi, monga kutengera pendulamu ku mwezi kapena kuchotseratu kukhuzana kwa zinthu. Ndimazigwiritsa ntchito, koma pambuyo pa chingwe chenicheni, chifukwa pa kompyuta mfundo ya chingwe simasuka, mphepo siwomba, ndipo manambala amatuluka oyera nthawi zonse. Zimene zili mmenemo ndi zimene wolemba pulogalamu anaikamo, choncho mwana sangapezemo chinthu chimene wamkulu sanachiganizire, monga mmene mtsikana uja anapezera pa makandulo ake.

Pali chiopsezo china mbali inayo, ndipo ndinagweramo. Nditatembenuka mtima pa nkhani ya kandulo, ndinakhala teremu yathunthu ndikungopatsa ana zipangizo n'kuwauza kuti afufuze chimene akufuna. Kunali phokoso losangalatsa, madzi anatayika ambiri, koma nditawafunsa pomaliza chimene apeza, ochepa okha ndiwo anali ndi chonena, ndipo ochepawo anali omwe aja amene ankakhoza kale. Ofooka anangotayika. Mu 2006 akatswiri atatu, Paul Kirschner, John Sweller ndi Richard Clark, analemba nkhani yotchuka yotsutsa kaphunzitsidwe kosiya ophunzira opanda chitsogozo chokwanira, ponena kuti munthu amene akungoyamba kumene alibe chidziwitso chomuthandiza kusankha choyenera kuyang'ana. Ena anawayankha kuti kafukufuku wa m'kalasi wokonzedwa bwino amakhala ndi chitsogozo chochuluka, ndipo mkanganowo sunathe. Zimene ndinaona ndekha zimandiika pakati. Funso loyamba ndimasankha ndine, zipangizo ndimachepetsa dala kuti njira zisachuluke, luso monga kuwerenga sikelo kapena kujambula galafu ndimaphunzitsa mwachindunji, koma yankho ndimalisunga pakamwa mpaka manambala atafika pa bolodi. Kusunga pakamwa kumeneko ndiko kovuta, chifukwa mphunzitsi anazolowera kuti chete wa m'kalasi ndi mlandu wake.

Nthawi nayo ndi yochepa, ndipo silabasi sidikira munthu. Sindingathe kusandutsa mutu uliwonse kukhala kafukufuku, ndipo sindikhulupirira mphunzitsi amene amati amatero. Ndimasankha atatu pa chaka amene timawachita mozama, kuyambira pa kulosera mpaka pa kutsutsana, ndipo mitu inayo ndimaiphunzitsa mwa njira yanthawi zonse, kupatula kuti chilichonse chimene ndikuonetsa kutsogolo ndimayamba ndafunsa ana kuti alembe chimene akuyembekezera. Zimenezi zimangodya mphindi ziwiri.

Ana akayamba kukayika ngati funso la mwana lingakhale ndi ntchito, ndimawauza za anzawo awiri. Mu 1963 Erasto Mpemba, wophunzira wa ku sekondale m'dziko limene lero ndi Tanzania, anaona kuti chosakaniza chake chotentha chopangira ayisikilimu chinaundana mufiriji msanga kuposa zozizira za anzake. Atafunsa anasekedwa, koma anafunsabe, mpaka Denis Osborne, mphunzitsi wa fizikisi wa ku Dar es Salaam amene anabwera kudzalankhula pa sukulu yake, anapita kukayesa, ndipo awiriwo anasindikiza zimene anapeza mu 1969. Chimene ndimakondera nkhaniyi n'chakuti ilibe mathero osalala. Mu 2016 Henry Burridge ndi Paul Linden anayesa mosamala ndipo sanapeze umboni wakuti madzi otentha amazizira msanga kuposa ozizira, koma anasonyeza kuti malo amene waika choyezera kutentha m'madzimo amatha kusintha zotsatira. Choncho funso la mwana wa sukulu lakhala likuvutitsa akatswiri kwa zaka zoposa 50, ndipo mbali ina ya vutolo ndi yomwe ija ya pendulamu, ya kuyeza ndi kugwirizana pa chimene tikuyeza.

Winayo ndi Emily Rosa wa ku America, amene ali ndi zaka 9 anayesa anthu amene ankati amatha kumva mphamvu yozungulira thupi la wodwala popanda kumukhudza. Zipangizo zake zinali chikatoni chobowola malo awiri olowetsa manja, thaulo lophimbira, ndi ndalama yachitsulo yoponya kuti isankhe dzanja la woyesedwayo limene iye aikepo lake pamwamba, ndipo woyesedwayo ankayenera kutchula dzanjalo asakuona. Anthu 21 anayesedwa maulendo 280 onse pamodzi ndipo analondola maulendo 123, amene ndi 44 pa 100 alionse, osafika ngakhale theka limene munthu wongolota angayembekezere. Zotsatirazo zinasindikizidwa mu 1998 m'magazini ya zachipatala ya JAMA iye ali ndi zaka 11, mothandizidwa ndi akuluakulu polemba. Ndimafunsa ana ntchito ya chinthu chilichonse mwa zitatuzo, ndipo akafotokoza chifukwa chake panafunika chikatoni ndiponso chifukwa chake dzanja linkasankhidwa ndi ndalama osati ndi mutu wa Emily, amakhala atamvetsa mfundo ziwiri zimene mankhwala atsopano amayesedwera, popanda ine kutchula dzina lililonse lovuta.

Ntchito ya kandulo ndimaichitabe chaka chilichonse, koma tsopano gulu lililonse limalandira makandulo osiyana chiwerengero, ndipo kufotokozera kwakale kuja ndimakulemba pa bolodi monga ganizo loti liyesedwe. Likagwa, wina amafunsa kuti nanga magawo 21 aja tingawaone bwanji, ndipo pamenepo timatenga waya wopyapyala wachitsulo uja wokwechera mapoto, timautsuka mu viniga, timaukanikiza pansi pa botolo lopapatiza, n'kulivundikira m'mbale ya madzi. Chitsulo chikamachita dzimbiri chimatenga okosijeni popanda lawi lothamangitsa mpweya ndiponso popanda kutulutsa mpweya wina, choncho madzi amakwera pang'onopang'ono mpaka kuima pafupi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ana amene azolowera kuti zonse zithe belu lisanalire amavutika kudikira mpaka tsiku lotsatira. Chaka chatha mabotolo 7 anafika pakati pa magawo 18 ndi 21 pa 100 alionse, koma limodzi linaima pa 12. Gululo linkafuna kudula nambalayo, ndipo ndinawakumbutsa kuti mzere ndi umodzi ndipo chifukwa chilembedwe pambali. Analemba zifukwa zitatu zimene ankaziganizira, kuti waya unachepa, kuti sanautsuke mokwanira, kapena kuti wina ananyamula botolo poyeza n'kulowetsa mpweya watsopano, ndipo anapempha mabotolo ena atatu kuti ayese chifukwa chilichonse pachokha.